Mchere wa ku Ntcheu: kuchoka pa mdulo kufika pa hamala

Angoni a Maseko atakhazikika m'mapiri a Domwe ndi Ntcheu cha m'ma 1870, anakwatira akazi a eni nthaka amene anawagonjetsa. Pamene Gomani Chikuse ankaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, Chingoni chinali chitayamba kale kuzilala pakamwa pa ana. Amuna anapambana pankhondo, koma pamafuwa ankalamula amayi, ndipo amayiwo anabwera ndi malamulo awo a mchere.

Mchere wa nthawi imeneyo unali wokhetsera thukuta. Ankakumba dothi la mchere kapena kutentha zomera, n'kuika dothilo kapena phulusalo mumphika wobowola kunsi, kuthiramo madzi kuti acheze, kenako kuwiritsa madziwo mpaka ataphwa. Zotsala pansi pa mphika zinali zochepa, zoderako. Chidulo chimene amayi amachezera therere lero ndi mdzukulu wa luso lomwelo.

Chinthu chosowa chotere ankachiopa. Mayi amene ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Ankaitana kamwana kosatha msinkhu kuti kamuthirire. Wophwanya mwambo ankati adula apabanja pake, ndipo mdulo kapena tsempho ankalizindikira munthu akatupa miyendo, kutsokomola ndi kuwonda. Funso la makolo linali lakuti wathira mchere ndani. Loti wathira wochuluka bwanji silinkabwera n'komwe, poti wochulukawo kunalibe.

Masitolo a Mandala ndi a amwenye ndi amene anasintha zinthu. Mchere woyera unafika m'matumba, wotsika mtengo. Lero basi ikaima pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, wokwera amatsikira pachiwaya: tchipisi cha mbatata ya kachewere yakonko, kanyama konona, ndi mulu wa mchere wosakaniza tsabola poti azitosa. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi. Nanga usipa wouma wa madzulo uja tiuwerengera pati?

Mchere wambiri umakweza BP, ndipo BP ndi imene imaphulitsa kapena kutseka mitsempha ya magazi ya mu ubongo, matenda amene amatchedwa sitiroko. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 90 pa 100 mwa iwo sankadziwa. Wina wochitikira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anaika BP ndi HIV patsogolo pa zoyambitsa sitiroko. Fodya, shuga ndi kachasu zimangosonkhezera moto.

Chodabwitsa n'chakuti mchere, umene unkanamiziridwa matenda osawadziwa, pa mlandu wake weniweni sutchulidwa. Bambo akagwa m'dimba la kabichi, pakamwa patapindikira mbali imodzi, mkono utalendewera, lilime litalemera ngati waledzera, abale ambiri amanong'onezana kuti wamenyedwa hamala ndi afiti. Njinga imayamba yalowera kwa sing'anga, ndipo maola amene ubongo ukanapulumukirako amathera pofufuza mwini hamalayo. Zizindikiro zitatu zomwezo, pakamwa, mkono ndi mawu, achipatala amati n'zothamangira nazo nthawi yomweyo, ngakhale zitazimiririka zokha pakangopita mphindi zochepa. Matendawa sasankha wa kudimba yekha: Levy Mwanawasa, amene anali pulezidenti wa Zambia, anadwala sitiroko mu 2006, n'kugwanso mu 2008 ali ku msonkhano ku Egypt, ndipo anamwalirira ku France chaka chomwecho.

Kuyeza BP kumatenga mphindi ziwiri, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Mapiritsi ake ndi omwa tsiku ndi tsiku, osati pokhapokha mutu ukawawa, monga amachitira ambiri akaona kuti apezako bwino. M'midzi ina ya kwa Njolomole ndi kwa Kwataine agogo amaitanabe kamdzukulu kuti kathire mchere mumphika, ndipo kamwanako kamatapa ndi dzanja lonse.