Pamwamba ndi pansi pa Ilala

Ndalama ya ulendowu ndinasunga miyezi isanu. Ndimagwira ntchito ku City Centre, ndipo Lolemba lililonse anzanga ena a mu ofesi, aja okhala ku Area 10 ndi Area 43, amabwera ndi zithunzi za ku Senga Bay, mapazi ali mumchenga. Ine ndinati ayi, tsiku limene ndidzapite kunyanja ndidzapita zenizeni, ndidzakwera Ilala mpaka ku Likoma. Tchuthi chitakwana ndinakakwera basi kudepoti ku Old Town, ulendo wa ku Monkey Bay, ndipo Lachisanu m'mawa ndinali m'sitima.

Ndiulule. Ndinagula tikiti ya pamwamba, pamene pamakhala alendo oona malo, pali kamphepo ndi bala. Pansi ndinangodutsapo pokwera: matumba a ufa, malata, njinga, nkhuku, madengu, amayi atayala zitenje pakati pa katundu. Kwa iwo Ilala si holide. Ndi basi yopita kumudzi, basi. Usiku umenewo, nditagona pamatiresi kuyang'ana nyenyezi, ndinayamba kudzifunsa kuti kodi sitima yokalamba chonchi inafika bwanji m'dziko lopanda nyanja yamchere. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndakhala ndikuwerenga chibwerereni.

Ilala imene timakwerayi ndi yachiwiri. Yoyamba inabwera mu 1875 ndi amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo Robert Laws anali m'gululo. Dzinali analitenga kudera la Ilala, ku Zambia wa lero, kumene David Livingstone anafera mu 1873. Anadzera mumtsinje wa Zambezi n'kulowa mu Shire, koma atafika pamathithi sitimayo sikanatha kukwera. Anaiphwasula, ndipo amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulo zake pamutu, kulambalala mathithi onse mpaka kumtunda, kumene anaimanganso. Pa 12 Okutobala 1875 inalowa m'nyanja. M'mabuku muli maina a Young ndi Laws. Anthu amene makosi awo anasenza injiniyo angolembedwa ngati nambala.

Musaganize kuti nyanjayi inali phee azunguwa asanabwere. Pamene tinkadutsa kufupi ndi Nkhotakota, magetsi a kumtunda akuoneka patali, tinali kudula njira yakale ya zombo za Jumbe. Kuyambira cha m'ma 1840, Salim bin Abdullah ndi a Jumbe omutsatira ankaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kuchokera padoko limeneli kupita kutsidya la kum'mawa, ndipo kuchoka kumeneko anthuwo ankawayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa. Gombe limene ife timajambulirapo zithunzi, kwa ena linali malo omaliza kuona dziko lakwawo.

Tinafika ku Likoma Loweruka. Anthuni, malo aja ndi okongola, sindikunama. Madzi oyera mbee moti umaona miyala pansi, malambe akuluakulu, ndipo mapiri a Mozambique ali pafupi kwambiri moti umangoona ngati ungasambire n'kukafika ku Cobue. Pajatu Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi koma zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Chifukwa chake ndi amishoni a Anglican, a UMCA, amene anakhazikika pachilumbapa mu 1885, moti pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire, zilumbazi zinatsalira m'manja mwa Angerezi. Tchalitchi cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903, pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ukalowa mkati umadabwa kuti chinyumba chachikulu chonchi chinamangidwa bwanji pakachilumba kakang'ono chotere, galimoto kulibe, msewu kulibe. Yankho ndi lomwe lija: mitu ndi mapewa a anthu, komanso madzi. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, asanaone n'komwe maziko a tchalitchichi, ndipo sitima ya mishoni imene inayamba kuyenda mu 1901 anaipatsa dzina lake.

Nkhani ya 1914 ndingoidutsa chifukwa imakambidwa kwambiri. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya Angerezi, Guendolen, inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Imawerengedwa kuti ndi nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Angerezi anapambana pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Azungu amaikonda nkhani imeneyi, amaifotokoza akuseka.

Imene inandikhalitsa pansi ine ndi ya Vipya. Iyi inali sitima yatsopano ya Nyasaland Railways, imene inali itangoyamba kunyamula anthu mu 1946. Pa 30 Julayi chaka chomwecho inanyamuka ku Mbamba Bay, kutsidya la Tanganyika, kulowera ku Florence Bay, kumene lero timati Chitimba. Julayi ndi nyengo ya mwera, ndipo aliyense wakunyanja akuuzani kuti mwera saseweretsa. Mafunde anaikulira sitimayo, inapendekeka, n'kutembenuzika. Anthu 145 anafa. Ambiri mwa iwo anali anthu akuda a matikiti otsika, amene anali pansi, kumene madzi akalowa njira yotulukira imakhala yochepa. Mpaka lero palibe ngozi ya sitima imene inapha anthu ambiri chonchi panyanja yathu.

Ine ndinaphunzira mbiri kuyambira ku pulayimale mpaka ku yunivesite, koma dzina loti Vipya ndinkalidziwa ngati mapiri ndi nkhalango ya paini basi. Mwina inu munaphunzira, kaya. Titanic timaidziwa tonse, ena tinalira nayo filimu yake m'mavidiyo sho a ku Kawale. Koma yathuyi, imene inameza agogo a anthu amene tikukhala nawo, ndinaimva koyamba ndili ndi zaka 28.

Ndiye apa pali mfundo yake. Ilala yachiwiriyi inabwera kudzalowa m'malo mwa Vipya. Anaipanga mu 1949 a kampani ya Yarrow ku Glasgow, n'kuibweretsa zidutswazidutswa kudzera padoko la Beira, kenako panjanji mpaka kunyanja, ndipo mu 1951 inayamba kuyenda. Ndiye kuti sitima imene ndinakwera kukapuma, imene alendo amaitama kuti ndi yachikale mosangalatsa, ilipo chifukwa anthu 145 anamira. Ndipo kamangidwe kake kakusungabe dongosolo la nthawi ija, loti ena pamwamba, ena pansi. Kale chinkasiyanitsa kwambiri ndi khungu, lero ndi thumba. Sindikunena izi ngati munthu woyera mtima, pajatu tikiti yanga ndakuuzani kale.

Nditakhala masiku angapo pachilumba, ndinakweranso kulowera ku Nkhata Bay. Pa Chizumulu sitima inaima patali ndi gombe, ndipo anthu ankabwera pamaboti ang'onoang'ono, usiku, nyanja ikuvina. Ndinatsika pansi kukaonerera. Mayi wina anali kulimbana ndi thumba la usipa wouma, mwana ali kumbuyo.

"Achimwene, tandigwirireni kuno," anatero.

Ndinagwira. Thumba la usipa limaoneka lopepuka ukamaliona pamsika wa ku Old Town, koma kulikweza pamakwerero a sitima ikugwedezeka ndi nkhani ina. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, simuopa?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, ndipo mwina zinalidi zopusa. Anati akaopa ndiye ana adya chiyani.

Kutacha tinafika ku Nkhata Bay. Padoko limeneli ndi pamene pa 3 Malichi 1959, tsiku limene Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kumanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, omangidwa ena anawatsekera m'sitima ya Mpasa. Khamu la anthu linasonkhana kufuna kuti abale awo amasulidwe, asilikali anaombera, ndipo anthu osachepera 20 anafera pomwepo. Holide ija ya pa 3 Malichi, imene ife a m'tauni timangochapira zovala ndi kuonera mpira, mbali yaikulu ya magazi ake inakhetsedwa pamalo amene ndinaimapo ndi chikwama changa kudikira minibasi ya ku Mzuzu.

Ilala inaliza hutala n'kupitirira kumpoto, ku Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba. Panjira imeneyo imadutsa kufupi ndi Chitimba. Mayi uja anatsikira pa Nkhata Bay pomwepo, ndipo thumba lake ndinaliona komaliza lili padenga la minibasi ina, atalimanga ndi mphira.