MAYI RUTH KHAMA (1923–2002): MLENDO AMENE ADASANDUKA MAYI WA MTUNDU

Mbiri ya Mpingo m'chigawo chino cha Africa kaŵirikaŵiri imalembedwa potsata maina a mabishopu, abusa ndi amishoni, ndiponso masiku amene nyumba zopemphereramo zidatsegulidwa. Koma alipo amayi ena amene moyo wawo umaonetsa Mpingo zimene atsogoleri ake adalephera kuziona pa nthaŵi yake. Mmodzi wa amayi otereŵa ndi Mayi Ruth Khama, amene adamwalira mu mzinda wa Gaborone pa 22 Meyi 2002 ali ndi zaka 78, nasiya ana anayi ndi adzukulu. Dziko lonse la Botswana lidawalira monga mayi wake. Komatu zaka zoposa 50 m'mbuyomo Mpingo umene iwo adakuliramo udakana kudalitsa ukwati wawo.

Ubwana ndi nkhondo

Ruth Williams adabadwa pa 9 Disembala 1923 kumwera kwa mzinda wa London, m'banja la George ndi Dorothy Williams. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ali mtsikana, adaloŵa gulu la akazi othandiza asilikali a ndege, ndipo ntchito yawo inali yoyendetsa ambulansi. Nkhondo itatha adapeza ntchito ya ukalaliki pa kampani ya inshuwalansi mumzinda womwewo.

Mu Juni 1947 m'bale wawo Muriel, amene anali wachangu pa ntchito za bungwe la amishoni la London Missionary Society, adawatenga kumka nawo ku phwando la ophunzira ochokera ku Africa. Kumeneko adakumana ndi Seretse Khama, mnyamata amene ankaphunzira za malamulo, mdzukulu wa Mfumu Khama III ndiponso woyenera kuloŵa ufumu wa Abangwato m'dziko la Bechuanaland. Bambo wake, Sekgoma II, adamwalira mu 1925 iye ali ndi zaka zinayi zokha, ndipo Tshekedi Khama, mng'ono wa malemuwo, ndiye ankasunga mpando kufikira mwanayo atakula.

Chitseko chidatsekedwa

Aŵiriwo atatsimikiza zokwatirana mu 1948, mavuto adabuka mbali zonse. Bambo wa mtsikanayo adamkana, ndipo ntchito yake idatha. Tshekedi adatsutsa kolimba, pakuti mwambo unkafuna kuti mkazi wa mfumu avomerezedwe ndi mtundu wonse, ndipo adapempha akuluakulu a London Missionary Society kuti aletse ukwatiwo. Akuluakuluwo adamvera. Wansembe wa Anglican amene poyamba adavomera kudalitsa ukwatiwo adabwerera m'mbuyo, ndipo Bishopu wa London, William Wand, adanena kuti sakadalola mwambowo m'tchalitchi popanda chilolezo cha boma. Motero pa 29 Seputembala 1948 aŵiriwo adamanga ukwati wawo ku ofesi ya boma ya ku Kensington, popanda mbusa ndi popanda dalitso la Mpingo.

Chinthu ichi nchoŵaŵa pochiganizira. Chaka chimenecho zinali zitakwana zaka 100 chibatizire David Livingstone, mmishoni wa bungwe lomwelo, Mfumu Sechele ku Kolobeng, pafupi ndi pamene lero pali Gaborone. Kwa zaka zonsezo anthu a m'dzikomo adaphunzitsidwa kuti mwa Khristu mitundu yonse ndi banja limodzi. Koma pamene mwana wawo adatenga chiphunzitsocho monga choonadi, aphunzitsi eni ake adayamba afunsa maganizo a boma.

Ku Serowe

Mu Juni 1949 Abangwato adasonkhana pa bwalo lawo lalikulu, limene m'chinenero chawo amati kgotla, ndipo atamva mbali zonse adavomera Seretse kukhala mfumu yawo pamodzi ndi mkazi wake. Mayi Khama adafika ku Serowe mu Ogasiti chaka chomwecho. Chinenero sankachidziŵa, dzuŵa ndi fumbi la dzikolo anali asanazoloŵere, ndipo azungu ambiri okhala kumeneko ankawasala. Amene adawalandira anali amayi a m'mudzimo, amene adadza kudzawalonjera ndi nyimbo ndi mphatso.

Koma maiko oyandikana nawo sadakondwere. Ku South Africa boma la D. F. Malan, limene lidaloŵa mu 1948 ndi ulamuliro wa tsankho, lidakhazikitsa mu 1949 lamulo loletsa ukwati pakati pa azungu ndi anthu a mitundu ina, ndipo lidaletsa Seretse ndi mkazi wake kuponda m'dzikomo, ngakhale likulu la Bechuanaland pa nthaŵiyo linali ku Mafeking, m'kati mwa South Africa. Nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, Godfrey Huggins, amene pambuyo pake adatsogolera Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nayenso adaumiriza boma la Britain kuti lisavomereze ufumuwo. Britain, posafuna kudana ndi South Africa kumene kunali golide ndi yureniyamu, idatuma woweruza Walter Harragin kukafufuza. Iye adapeza kuti Seretse anali woyenera ndithu kulamulira, chokhumudwitsa chokha chinali mkwiyo wa maiko oyandikana nawo. Ndipo lipoti lakelo lidabisidwa zaka 30.

Kudziko la eni

Kumayambiriro kwa 1950 Seretse adaitanidwa ku London monga ngati kukakambirana. Mayi Khama, amene anali oyembekezera, adakana kutsagana naye, pozindikira kuti akadatuluka m'dzikomo sakadaloledwa kubwereranso. Nkhaŵa yawo idapherezera: Seretse adauzidwa kuti asabwerere kwao kwa zaka zisanu. Adangololedwa kudzaona mwana wawo woyamba, Jacqueline, amene adabadwira ku Serowe mu Meyi 1950, ndipo mu Ogasiti banja lonse lidachotsedwa m'dzikomo. Mu 1952 boma latsopano la Britain lidalengeza kuti chiletsocho chinali chamuyaya.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi banjalo lidakhala ku England. Mayi Khama anali m'dziko lobadwira, koma mtima wawo unali ku Serowe, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kulimbitsa mwamuna amene adalandidwa dziko ndi anthu ake. Mwana wachiŵiri, Ian, adabadwira konko mu Febuluwale 1953. Abangwato nawonso sadafooke: adakana kusankha mfumu ina. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mu 1956 Seretse ndi Tshekedi atayanjana, ndipo Seretse atavomera kusiya ufumu, banjalo lidaloledwa kubwerera kwao monga anthu wamba. Ana amapasa, Tshekedi ndi Anthony, adabadwa mu 1958. Ndipo kutcha mmodzi wa iwo dzina la munthu amene adatsutsa ukwatiwo kudaonetsa poyera kuti m'nyumbamo munalibe kusunga mangaŵa.

Gaborone

Seretse adayambitsa chipani cha ndale mu 1962, napambana chisankho cha 1965, ndipo pa 30 Seputembala 1966 adakhala Pulezidenti woyamba wa Botswana. Likulu latsopano, Gaborone, linali likumangidwa kumene pa thengo. Dzikolo linali limodzi mwa maiko osaukitsitsa pa dziko lapansi, lokhala ndi misewu ya phula yotalika makilomita 12 okha, lotuluka kumene m'chilala choopsa chimene chidapha ng'ombe zochuluka. Miyala ya dayamondi ya ku Orapa idapezeka chaka chotsatira.

Kwa zaka 14 Mayi Khama, amene tsopano ankatchedwa Lady Khama, adagwira ntchito pakati pa amayi ndi ana. Adatsogolera bungwe la Red Cross la dzikolo, ndipo adalimbikitsa bungwe la amayi la Botswana Council of Women ndi gulu la atsikana la Girl Guides. Izi zidachitika pa nthaŵi imene othaŵa nkhondo ndi tsankho ochokera ku South Africa ndi Rhodesia ankaloŵa m'dzikomo mwaunyinji. Kunyumba ankasamala mwamuna wodwala nthenda ya shuga ndi kulera ana anayi pamaso pa dziko lonse. Banja lenilenilo linali umboni wa tsiku ndi tsiku, pa malire penipeni pa dziko la tsankho, wakuti wakuda ndi woyera angathe kudyera m'mbale imodzi.

Mpingo nawonso udasintha m'zaka zimenezo. Mu 1973 Botswana idakhala dayosizi payokha m'Chigawo cha Anglican cha Central Africa, m'mene munalinso Malaŵi, Zambia ndi Rhodesia. Mu 1979 Walter Khotso Makhulu, mbadwa ya South Africa amene mkazi wake anali wa ku England, adakhala Bishopu wa Botswana, ndipo mu 1980 adaloŵa m'malo mwa Donald Arden wa ku Malaŵi monga Arkibishopu wa Chigawocho. Chimene chidakanidwa ku London mu 1948 chidaoneka pa mpando wa bishopu ku Gaborone Mayi Khama akali ndi moyo.

Umasiye ndi ukalamba

Sir Seretse Khama adamwalira pa 13 Julayi 1980, patangopita miyezi itatu chitsogolere msonkhano wa ku Lusaka umene udabala bungwe la SADCC, limene Malaŵi adaloŵamo chiyambire. Mayi Khama anali ndi zaka 56. Akadafuna akadabwerera ku England, koma adatsala, nakhazikika pa munda wawo wa Ruretse pafupi ndi Gaborone, dzina lolumikiza maina a aŵiriwo. Zaka 22 za umasiye adazitha akupitiriza ntchito zachifundo ndi kucheza ndi adzukulu. Anthu ankawatcha Mohumagadi Mma Kgosi, ndiye kuti mfumukazi mayi wa mfumu, pakuti mwana wawo Ian adalongedwa ufumu wa Abangwato mu 1979. Iyeyo adadzakhalanso Pulezidenti kuyambira 2008 mpaka 2018. Atamwalira ndi khansa ya pakhosi, adaikidwa pambali pa mwamuna wawo m'manda a mafumu pa phiri la ku Serowe, pakati pa makolo a mtundu umene adaloŵamo monga mlendo.

Oŵerenga Malembo sangalephere kukumbukira Rute Mmoabu, amenenso adasiya kwao nadziphatika ku mtundu wa mwamuna wake, ndipo adasanduka kholo la mafumu. Koma nthumwi ndi abusa osonkhana mu Sinodi ayenera kukumbukiranso bishopu uja amene adadikira chilolezo cha boma asanatsegule chitseko cha tchalitchi. Iye sanali munthu woipa. Anali munthu wochenjera amene adaopa kukhumudwitsa olamulira, ndipo chiyeso chimenecho chimagwera msonkhano uliwonse wa Mpingo. Abangwato pa bwalo lawo ndi amayi a ku Serowe pa khomo la mlendoyo adachita chimene Mpingo udazengereza kuchita. Ambuye apatse Mpingo wake mtima wolandira amene Iye mwini adawalandira kale.