Kanyumba ka soseji komwe kadakana kusamuka

Mumzinda wa Washington, likulu la dziko la Amereka, pa nambala 1213 mumsewu wa U Street, padatsegulidwa kanyumba kodyeramo pa 22 Ogasiti 1958. Dzina lake ndi Ben's Chili Bowl. Chakudya chomwe chidatchukitsa malowa si cha mabwana ayi. Ndi soseji wonenepa wa nyama ya nkhumba yosakaniza ndi ya ng'ombe, yemwe eni ake amati half-smoke, womuika pakati pa banzi, pamwamba n'kuwaza anyezi ndi kuthira msuzi wa nyama yogaya wa tsabola. Basi. Mayi aliyense wodziwa kusonkha moto atha kuphika zimenezi. Nanga n'chiyani chomwe chakhala chikukokera anthu pakhomo limeneli kwa zaka zoposa 65, pomwe mahotela a magalasi okhaokha amatsegulidwa lero n'kutsekedwa mawa? Ine ndikuti yankho lake lili m'mbiri ya msewuwo.

M'masiku a tsankho, munthu wakuda wa ku Washington sankaloledwa kukhala pansi n'kudya m'malesitilanti ambiri a azungu a pakati pa tauni. Kotero ndalama za anthu akuda zinkazungulira pa U Street pomwepo: banki yawo, madokotala awo, nyumba zawo za zisudzo ndi magule. Katswiri woimba uja Duke Ellington, wobadwa m'chaka cha 1899, adakulira m'dera lomweli. Lincoln Theatre, yomwe ili moyandikana ndi Ben's, idatsegulidwa mu 1922. Usiku msewu wonse unkachita kuwala, mpaka anthu adaupatsa dzina loti Black Broadway.

Ben Ali adali mlendo m'zonsezi. Adabadwira ku Trinidad mu 1927, m'banja lachisilamu la Amwenye, ndipo adafika ku Amereka mu 1945. Adayamba maphunziro a udokotala wa mano pa Howard University koma sadamalize, atavulala msana pomwe adagwera m'dzenje la chikepe. Adakumana ndi Virginia Rollins, mtsikana wakuda wokulira kumunda, yemwe ankawerenga ndalama pa Industrial Bank mumsewu womwewo. Ndi ndalama zokwana madola 5,000 awiriwa adakonza nyumba yakale ya mu 1910, yomwe poyamba ankaonetseramo kanema wosalankhula uja, kenaka n'kusanduka malo osewerera pool. Ukwati adamanga mu Okutobala, bizinesi ili ndi masabata ochepa chabe. Ati Ben, pokhala Msilamu, sankamulawa n'komwe soseji wa nkhumbayo yemwe adalera ana ake.

Pali chinthu chimodzi chomwe ofotokoza nkhaniyi amakonda kuchidumpha. Banjali lidafika pa U Street dzuwa la msewuwo litayamba kale kupendeka. Mu 1953 bwalo lalikulu la milandu m'dzikomo lidagamula kuti malo odyera a mu Washington asasankhenso khungu. Udali ufulu ndithu, ndipo palibe wanzeru angaudandaule. Koma ufulu womwewo udatsegula chipata: amene adali ndi kangachepe adayamba kukadyera kwina, kukagula kwina, kenaka kusamukiratu. Tsankho lidamanga anthu pamodzi ngati mtolo wa nkhuni, ndipo luzi litaduka nkhuni zidayamba kumwazika.

Ndiye kudadza usiku wa pa 4 Epulo 1968. Martin Luther King adawomberedwa ku Memphis, ndipo uthenga utafika ku Washington khamu la anthu lidasonkhana pamphambano ya 14th Street ndi U Street, kamtunda koyenda mphindi ziwiri kapena zitatu kuchokera pa Ben's. Stokely Carmichael, mtsogoleri wa achinyamata omenyera ufulu, adayenda ndi gulu sitolo ndi sitolo kupempha eni ake kuti atseke polemekeza malemuyo. (Carmichael ameneyu nayenso adabadwira ku Trinidad, ndipo ndi yemwe uja adakwatira Miriam Makeba n'kusamukira ku Guinea, komwe adatenga dzina loti Kwame Ture.) Posakhalitsa magalasi adayamba kusweka, moto n'kubuka. Zipolowezo zidatenga masiku anayi, anthu 13 adafa, ndipo boma lidatumiza asilikali oposa 13,000 m'misewu ya likulu lake lomwe. Padaikidwa lamulo loti munthu asapezeke panja usiku.

Ben's sidatseke. Carmichael yemweyo adaipezera chilolezo choti izikhala yotsegula ngakhale nthawi ya lamuloli, ndipo Ben adalemba pawindo mawu osonyeza kuti mwini malo ndi m'bale wa anthu akuda, kuti owotcha amulambalale. Taganizani inu awerengi: pathebulo lalitali lija la kutsogolo, wapolisi, wozimitsa moto ndi mnyamata yemwe masana amathamangitsana ndi apolisiwo, onse atakhala phewa ndi phewa, maso ali psuu ndi utsi, aliyense atagwira banzi lake.

Komabe kwa ine mayeso enieni sadali masiku anayi amenewo. Kulimba mtima pamoto n'kwa kanthawi, ndipo anthu amakuimbira m'manja. Chovuta chidali zaka makumi awiri zotsatirazo, pomwe padalibe woimba m'manja. Masitolo otenthedwa sadamangidwenso. Lincoln Theatre idafika potsekedwa. Ogulitsa mankhwala ozunguza bongo adalanda mphambano zonse, moti Virginia adasiya kugulitsa makeke chifukwa zotsekemera ndi zomwe zinkakoka anthu ogwidwa ndi mankhwalawo. Mzimayi wochita malonda n'kudzichotsera yekha phindu kuti khomo lake lisasanduke khola la ogulitsa chiphe! Kenaka cha mu 1987 boma lidayamba kukumba msewu wonsewo kuti muzidutsa sitima ya pansi panthaka. Walira mvula walira matope. Chitukuko chomwe anthu ankachilirira chidatseka msewu kwa zaka zingapo, mabizinesi omwe adapulumuka moto ndi mankhwala adafera pamenepa, ndipo Ben's idatsala ndi antchito owerengeka, makasitomala ake ambiri ali okumba njanjiwo. Siteshoni ya U Street idatsegulidwa mu 1991.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu yemwe adabadwira m'derali n'kusamuka ali mwana, akabwerera amapeza kuti komwe kudali telala kuli nyumba yosanjikana, komwe kudali wometa kuli malo omwera vinyo. Chotsala chomwe angaloze mdzukulu wake n'kunena kuti "ine ndi agogo ako aakazi tinkakhala apa" ndi mipando yofiira ija yozungulira ya pa Ben's. Sosejiyo amangoperekeza.

Mbiri idadzabwera pambuyo, monga mwa chizolowezi chake. Mu 2004 malowa adalandira mphotho ya James Beard Foundation. Pa 10 Januwale 2009, kutatsala masiku khumi kuti alumbiritsidwe, Barack Obama adadzadya pamenepa ndi meya wa mzindawo Adrian Fenty. Ben adamwalira mu Okutobala chaka chomwecho ali ndi zaka 82, bizinesi ili kale m'manja mwa ana ake. Mu 2010 kudabwera Nicolas Sarkozy, pulezidenti wa France panthawiyo. Nthambi zidatsegulidwa kubwalo la masewero ndi kubwalo la ndege.

Kunena zoona, gawo limeneli silindisangalatsa kwenikweni. Soseji wa pabwalo la ndege atha kukhala yemweyo m'kamwa, koma pamenepo palibe adabisalapo utsi. Ndipo pa U Street penipenipo funso lakula. Mu 1970 anthu akuda adali 71 mwa anthu 100 alionse a mu Washington. Kalembera wa mu 2020 adapeza 41. Sitima ija idakweza mitengo ya nyumba, ndipo mabanja ambiri omwe adapirira zaka zoipa limodzi ndi a Ali adalephera lendi m'zaka zabwino. Pamzere wapakhomo padachuluka alendo a makamera, odzaona pomwe adakhala Obama. Sindikuwada alendowo, paja ndalama zawo ndi zomwe zimalipira antchito. Koma kanyumba komwe kadakana kusiya anthu ake kadaona anthu akewo akuchoka mmodzimmodzi.

Mu Ogasiti 2023 malowa adakondwerera zaka 65. Virginia Ali adalipo, ali ndi zaka 89, akulonjera anthu pakhomo lomwe adalitsegula ali ndi zaka 24.