Pampu Yamagetsi Yochotsera Madzi Pakhomo

Pampu yamagetsi yochotsera madzi ndi kamakina kamene kamayamwa madzi pamalo pamene adikha n'kuwakankhira m'paipi kupita kwina. M'mbali mwa nyanja ku Salima, monga ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka, anthu amaigwiritsa ntchito pabwalo la nyumba, m'dzenje la maziko, m'chitsime chimene chalowa matope ndiponso m'malo ogona alendo. Dera limeneli ndi lachigwa, ndipo madzi a mvula ya Disembala mpaka Malichi, kuphatikizapo amene amatsika ndi mitsinje ngati Linthipe ndi Lifidzi, sapeza msanga kolowera.

Madzi a mvula ndi madzi a nyanja

Munthu asanatulutse ndalama, adziwe kaye kumene madzi apakhomo pake akuchokera. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika chaka chilichonse: imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha kale, n'kutsika mpaka cha mu Novembala kapena Disembala. Mtsinje wotulutsa madzi ake ndi umodzi wokha, Shire, umene madzi ake amawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde kuyambira 1965. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, ndipo mchenga wa kugombe, nyumba ndi malo ogona alendo zinamira ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota.

Pa madzi oterowo pampu ilibe mphamvu. Nthaka ya kugombe ndi yamchenga, choncho nyanja ikakwera, madzi apansi amakweranso nayo. Mukapopa usiku, m'mawa mupeza dzenje ladzadzanso, mayunitsi a magetsi atapita pachabe. Mphepo ya mwera ikayamba m'miyezi yozizira, mafunde amawonjezera ena. Pampu imathandiza pamene madzi ali ndi malire, ngati a mvula imene yagwa n'kuleka.

Mitundu yake

Pali yomiza m'madzi ndi yokhala pamtunda. Yapamtunda imayamwa kudzera m'paipi, ndipo yambiri imafuna kuthiridwa madzi kaye isanayatsidwe. Yomiza imalowa yonse m'madzi, mota yake ili m'chikopa chosalowa madzi, ndipo madzi omwewo ndi amene amaiziziritsa. Pa ntchito ya pakhomo yomiza ndiyo yosavuta.

Kusiyana kumene anthu ambiri amakulumpha ndi kwa pampu ya madzi oyera ndi ya madzi amatope. Ya madzi oyera imangolola tizinyalala ta mamilimita ochepa, pamene ya matope imatha kudutsitsa zinthu za mamilimita 30 kapena kupitirirapo pang'ono. Kunyanja kuno madzi odikha pabwalo sakhala oyera: muli mchenga, masamba, tizigoba ta nkhono ndi mapepala a pulasitiki. Wogula ya madzi oyera chifukwa chotchipa amabwerera kusitolo dzinja lisanathe.

Kasankhidwe

Pachikwangwani cha pampu pamalembedwa mawati, malita amene imakankha pa ola, ndi mamita amene ingakweze madzi. Zapakhomo zambiri zimakhala za mawati 400 mpaka 750. Malita olembedwawo ndi a pamene madzi sakukwera mtunda uliwonse. Paipi ikatalika, ikapindika, ikakhala yopyapyala kapena ikakwera, amachepa ndithu.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mvula ya milimita imodzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imasiya lita imodzi. Mvula ya mamilimita 50 pabwalo la mamita 20 ndi 10 imasiya malita 10,000, osawerengera otsika padenga. Pampu yolembedwa malita 10,000 pa ola idzatenga nthawi yoposa ola kuti iwamalize.

Ndi bwino kusankha yokhala ndi kampira koyandama kamene kamayatsa mota madzi akakwera n'kuizimitsa akatsika, chifukwa pampu yomiza ikamazungulira popanda madzi imatentha n'kupsa.

Magetsi

Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a mavoliti 230, ndipo pampu iyenera kugwirizana nawo. Vuto ndi lakuti mvula yamkuntho imene imadzaza bwalo ndiyo imakondanso kuzimitsa magetsi. Amene akudalira jenereta kapena inveta ya sola akumbukire kuti mota ikamalira koyamba imakoka mphamvu kuwirikiza kangapo kuposa mawati olembedwa, motero inveta yofanana ndendende ndi pampu imangodzizimitsa. Jenereta ikhale panja, pouma. Utsi wake umapha m'nyumba yotseka.

Pamene magetsi akumana ndi madzi m'pamene pali ngozi yeniyeni. Soketi ikhale ndi waya wopita pansi komanso chodulira magetsi akathawa, cha mamiliampu 30, choikidwa ndi mmisiri wodziwa ntchito. Polumikizira waya pasagone m'madzi, ndipo waya wong'ambika womangidwa ndi jumbo asagwiritsidwe ntchito ngakhale kamodzi. Munthu, makamaka mwana, asalowe m'madzi pampu ikulira.

Kasamalidwe

Chimene chimapha pampu ku Salima ndi mchenga. M'kati mwake muli kawilo ka mapiko kamene kamazungulira mwaliwiro, ndipo mchenga umakanola pang'onopang'ono ngati mpeni pa mwala. Umadyanso mphira wotchinga madzi kuti asafike pa mota. Chizindikiro choyamba ndi chakuti pampu ikulira monga mwa masiku onse koma madzi akutuluka ofooka. Njira yotetezera ndi yotchipa: pampu isakhale pamchenga penipeni, koma pa njerwa ziwiri, kapena m'ndowa yoboola mabowo m'mbali, kuti iziyamwa madzi a pamwamba pamene mchenga wakhazikika pansi.

Poitsitsa ndi poitulutsa, munthu amangirire chingwe pa chogwirira. Kuikoka ndi waya wamagetsi kumatsegula mpata wolowera madzi. Ntchito ikatha, aimize m'ndowa ya madzi oyera n'kuiyatsa kwa mphindi zingapo kuti itsukuluze matope, kenako azule pulagi ndi kuchotsa zinyalala pa sefa. Iume pamthunzi. Dzuwa la Okutobala ku Salima limaumitsa paipi ndi waya mpaka kusweka, ndipo m'nkhokwe makoswe amatafuna waya, choncho malo abwino ndi pamwamba, m'bokosi lotseka. Mu Novembala, mvula isanakhazikike, aiyese m'ndowa kuti aone ngati kawilo sikanagwidwe ndi dzimbiri.

Kotayira madzi

Paipi ilozetsedwe ku ngalande kapena kumunsi kumene kulibe nyumba, osati pabwalo la mnansi. Madzi osefukira nthawi zambiri amakhala atasakanikirana ndi a m'zimbudzi zokumba, ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa ndi kolera ya 2022 ndi 2023. Madzi oterowo asatayidwe pafupi ndi chitsime, mjigo kapena padooko pamene anthu amasamba ndi kutsuka nsomba. Chitsime chimene chapopedwa matope chithiridwe klorini motsatira malangizo a alangizi a zaumoyo anthu asanayambenso kumwa madzi ake.