Chikho cha Mwavi

Mwa miyambo yonse imene makolo athu adatisiyira mbiri yake, palibe umene timaukamba motsitsa mawu ngati wa kumwa mwavi. Ndipo tikautchula timafulumira kuuponya m'gulu la ntchito za mumdima, ngati kuti amene ankamwawo adali anthu opepera, osadziwa kuti khungwalo limapha. Ankadziwa ndithu. Adaona ndi maso awo anzawo akugwa pabwalo osadzukanso, komabe pamene dzina la munthu lidadetsedwa m'mudzi, kawirikawiri mwini dzinayo ndiye ankaimirira pamaso pa mfumu ndi nduna zake, napempha yekha kuti amusinjire mwavi. Wofuna kumvetsa mwambowu ayambire pa munthu woimirirayo, adzifunse chimene chidamulemera koposa imfa.

Mtengo wa mwavi ndi wautali, wokonda m'mphepete mwa mitsinje ndi m'nkhalango za chinyontho. Asayansi amautcha Erythrophleum, ndipo adapeza kuti m'khungwa lake lofiiriralo muli ululu umene umagwira mtima ndi kuuimitsa. Ntchito yosenda khungwalo, kulisinja ndi kulisungunula m'madzi idali ya mapondera, munthu amene ankaitanidwa mwaulemu ndiponso mwamantha. Woganiziridwa ufiti, chigololo kapena kuba ankabwera m'mamawa osalawa kanthu, namwa anthu onse akupenya. Akasanza, ndiye kuti mlandu wamuchoka: amayi ankaimba nthungululu, abale ankavina, ndipo womunenezayo ankalipa mbuzi, makasu kapena nsalu, mwinanso munthu wamoyo. Akapanda kusanza nafa, mtembo wake sunkapita kumanda kwa makolo ake. Unkatenthedwa kapena kutayidwa kuthengo. Pa milandu yopepuka ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa mwini mlandu. Ife a lero tidziwa kuti wosanza msanga ankatulutsa ululuwo usadalowe m'magazi, ndi kuti mapondera, pochulutsa kapena kuchepetsa khungwa, adali ndi mphamvu pa moyo wa womwayo imene anthu sankafuna kuitchula. Koma kwa iwo okhala pabwalopo, woweruza adali mtengowo, umene sulandira chiphuphu ndipo sudziwa mbale.

Kuti tione kulemera kwa manyazi amene ankatsogolera munthu ku chikho chimenechi, tikumbukire kuti mudzi wa makolo udali wa anthu a bere limodzi, omwera mtsuko umodzi wa mowa ndi kuikana maliro. Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa a kufupi ndi Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, pakati pa 1946 ndi 1953, adapeza kuti pa milandu yambiri ya ufiti imene adailemba, wolodza ndi wolodzedwa adali abale a kuchikazi, olimbirana unkhoswe, chuma cha masiye kapena ufumu wa mudzi. Chala chokuloza chidali cha mlongo wako, cha mphwako, cha mwana wa mlongo wako amene udamulera. Kuyambira tsiku lomwelo nsima yako inkabwerera yosanyemedwa, ana ankakokedwa pamkono ukamadutsa, pamaliro anthu ankaleka kulankhula ukafika, ndipo chitonzocho chinkatsikira kwa mbumba yako yonse, kotero kuti ngakhale mdzukulu wosabadwa ankadzatchedwa wa kubanja la mfiti. Wachilendo akakunyoza umangosamuka. Koma chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo munthu sathawa amayi ake. Akuluakulu adati manyazi adapha Lambe, ndipo ngakhale mwambiwo umanena za wochita manyazi kupempha chithandizo, m'mabwalo a mwavi manyazi adapha anthu ambiri olimba mtima, amene adaona kuti kuli bwino kuika thupi lawo pachiswe kamodzi kusiyana ndi kuyenda chowerama masiku onse a moyo wawo.

Chimene chidapatsa mwambowu ulemu m'masiku ake oyamba ndi chakuti mafumu nawo adali pansi pa chikho chomwecho. David Livingstone, poyenda m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, adacheza ndi Chibisa, mfumu ya Amang'anja imene mudzi wake udali kufupi ndi Chikwawa, ndipo adalemba kuti mfumuyi idamwa mwavi kangapo pofuna kuyeretsa dzina lake. Adalembanso kuti pamene iye ndi anzake adaonetsa kukayika pa zimene mfumuyo inkanena zakuti nkhondo zake zonse zidali zolungama, iyo idawauza kuti ngati sakukhulupirira aipatse mwavi imwe. Paulendo womwewo adafika pamudzi wina patsinde pa phiri la Zomba tsiku limene mfumu ya pamenepo idamwa ndi kupulumuka, ndipo anthu ake adamwa mowa, kuvina ndi kuimba ng'oma masiku awiri, usana ndi usiku. Sindinena kuti Chibisa adali woyera mtima. Adali munthu wa nkhondo ndi wochenjera, ndipo n'kutheka kuti mapondera wake ankadziwa dzanja limene limamudyetsa. Koma taonani chimene anthu ake ankayembekeza kwa iye: kuti mwini dziko, akanenezedwa, avule ulemerero wake, aime pabwalo opanda chodzitchinjiriza, thupi likunjenjemera ndi kusanza pamaso pa akazi ndi ana, monga wina aliyense. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ng'oma za ku Zomba zija zidalira chifukwa anthu adaona mfumu yawo ili yofooka, ndipo m'kufookako adaikhulupirira.

Zinthu zidasintha m'zaka za chipwirikiti zimene zidatsatira, pamene malonda a akapolo adakula ndipo nkhondo za Angoni zidasonkhanitsa anthu a mitundu yosiyanasiyana pansi pa mfumu imodzi ya mikondo. Amishoni amene adakhala moyandikana ndi Angoni a Maseko m'masiku a mfumu yawo Chikusi, amene adamwalira mu 1891, adasimba za midzi yathunthu yomwetsedwa mwavi pa lamulo la kulikulu, anthu ambiri nafa tsiku limodzi. Apa womwa sadapemphe, adakokedwa. Wolamula sadamwe, adakhala patali, chuma ndi ana a akufawo zikubwera kwa iye. Mfumu yamantha, yoona mfiti m'maso mwa aliyense wa anthu ake, idapeza mu mwavi njira yochotsera amene inkawaopa popanda kusenza mlandu wa magazi awo, popeza wopha adali mtengo. Mwavi woterewu ndi umene amishoni ambiri adaupeza, ndipo sitingawadzudzule kuti adaudana nawo ndi mtima wonse.

Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, boma lidayamba kulanga omwetsa mwavi, ndipo mu 1911 lidakhazikitsa lamulo la za ufiti, limene lidaletsa kuyesa munthu ndi mwavi, kuloza munthu kuti ndi mfiti, ndiponso ntchito yosaka mfiti. Miyoyo yosawerengeka idapulumuka ndi lamulo limeneli, ndipo wolira kuti mwavi ubwerere sadziwa chimene akupempha. Wowerenga Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922, adzapeza pa Numeri 5 kuti ana a Israele nawo adali ndi madzi owawa omwetsa mkazi woganiziridwa chigololo. Mtundu wa anthu udafuna kuyambira kale chinthu chimene chingaone m'kati mwa mtima, ndipo makolo athu sadali okha pa njala imeneyi. Koma lamulo la 1911 lidachotsa chikho, njalayo n'kuisiya. Kuneneza kudaleka kumveka pabwalo, kudasanduka manong'onong'o a kuchitsime ndi kumtondo, amene sungawayankhe chifukwa palibe wovomera kuti adanena. Anthu akumidzi adadandaula kuti boma likusunga mfiti. Koma wovutika koposa adali wonong'onezedwayo, amene kale akadati, "Ndisinjireni," ndipo tsopano adatsala ndi njira ziwiri zokha, kupirira chitonzo mpaka kumanda kapena kumanga akatundu usiku.

M'mpata umenewu ndimo mudalowa a mchape. Cha m'ma 1933 gululi lidabuka ku Mulanje, likutchula dzina la Kamwende ngati mwini mankhwala, ndipo lidafalikira msanga kufika ku Northern Rhodesia, kumene Audrey Richards adaliona pakati pa Abemba mu 1934, ndi ku maiko ena oyandikana nafe. A mchapewo adali anyamata ovala zachizungu, onyamula kalilole ndi mankhwala ofiirira m'mabotolo. Mudzi wonse unkandanda pamzere, nyanga ndi zithumwa zinkaunjikidwa poyera, ndipo aliyense ankamwa, atauzidwa kuti wobwerera ku ufiti adzafa. Ambiri a anyamatawo adali amalonda chabe, ofuna makobiri a anthu amantha. Komabe adazindikira chinthu chimene boma silidachione, chakuti mudzi unkafuna njira yolandiriranso munthu wake. Pomwa onse pamodzi, mfumu ndi mkamwini, wolozedwa ndi woloza, palibe amene adatsala yekha ndi manyazi, ndipo nkhalamba imene dzulo inkathawidwa inkatha kudyanso ndi adzukulu ake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anthu ankayenda maulendo aatali, ena ochokera ku Tanganyika, kupita kwa sing'anga wotchedwa Chikanga ku Rumphi, ndipo ambiri mwa iwo adali oganiziridwa, ofuna kukamva pakamwa pake kuti ndi osalakwa, kuti akabwerere kwawo mutu uli chilili.

Lamulo la 1911 likadali m'mabuku a dziko la Malawi mpaka lero, ndipo kuloza zala sikudathe. Kale wolozedwa ankatha kukhala mfumu ya dziko ngati Chibisa. Masiku ano chala chimagwera makamaka agogo osauka, amasiye ndi ana, anthu opanda wowalankhulira. M'mwezi wa January 2016, m'boma la Neno, mphezi itapha mtsikana wina, anthu adagwira nkhalamba zinayi za banja lomwelo ndi kuzipha. Nkhalambazo sizidapatsidwe mpata wodziteteza pabwalo lililonse, ndipo amene adazineneza sadaike mbuzi, khasu kapena thupi lawo pa mawu amene adanena.