Mpikisano wa Oitanidwa Okha: Mbiri ya Premier League Darts

Masewero a darts, amene lero amadzaza mabwalo aakulu a London, Rotterdam ndi Berlin, anakulira m'malo onyozeka, m'nyumba zomweramo mowa za ku England, kumene amuna ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi, ataweruka madzulo, ankayesana luso poponya timivi titatu pa bolodi lopachikidwa kukhoma. Bolodi la masiku amenewo linali la mtengo, ndipo mwini nyumba ankaliviika m'madzi usiku kuti lisang'aluke, kufikira m'zaka za m'ma 1930 pamene kampani ya Nodor inayamba kupanga mabolodi a ulusi wa khonje, umene ngakhale lero wambiri umachokera kum'mawa kwa Africa. Lamulo lake ndi lapafupi kulimva koma lovuta kulikwaniritsa: munthu amaima mamita 2.37 kuchokera pa bolodi, nayamba ndi mapointi 501, nawachotsa pang'onopang'ono mpaka atheretu, ndipo muvi wotsiriza uyenera kulasa m'kamzere kopyapyala ka m'mphepete kapena pakati penipeni. Pakhomo pa masewerowa panalibe mlonda; aliyense wokhala ndi timivi take ankalowa.

Bungwe la British Darts Organisation, limene Olly Croft analikhazikitsa mu 1973, ndilo linatulutsa masewerowa m'chipinda cha utsi wa fodya ndi kuwaika pa wailesi ya kanema, ndipo mu 1978 Leighton Rees wa ku Wales anakhala katswiri woyamba wa dziko lonse. Koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, eni mawailesi, ataipidwa ndi osewera akumwa ndi kusuta pamaso pa anthu, anafulatira mipikisano yambiri, kotero kuti amuna amene anasiya ntchito zawo podalira muvi anapezeka alibe potolera chakudya. Pamenepo osewera 16, mwa iwo Eric Bristow, John Lowe ndi Phil Taylor, anapatuka, nadzipangira bungwe lawo limene pambuyo pa mlandu wautali, umene unatha mu 1997, linatchedwa Professional Darts Corporation. Bungwe lakale lija linafooka pang'onopang'ono, nkugweratu mu 2020.

Opatukawo anaphunzira m'njala yawo kuti masewero opanda owonera ali akufa, ndipo Premier League, imene inayamba mu 2005 pansi pa utsogoleri wa Barry Hearn ndi wailesi ya Sky Sports, ndi mwana wa phunziro limenelo. M'malo motsegula khomo kwa onse, anaitana amuna asanu ndi awiri okha, nawayendetsa mzinda ndi mzinda sabata ndi sabata, kuti munthu wogula tikiti adziwiretu kuti amene akawaone usiku umenewo ndi akatswiri okhaokha. Taylor, munthu wa ku Stoke-on-Trent amene kale ankagwira ntchito m'fakitale youmba ziwiya zadothi, anatenga chikho zaka zinayi zoyambirira motsatizana, ndipo anasewera masewero 44 osagonja mpaka James Wade anamugwetsa mu 2008. Chodabwitsa chake chachikulu chinadza mu 2010 ku Wembley Arena, pamene masewero otsiriza anachedwa ndi tsiku lathunthu chifukwa magetsi anazima (inde, amazima ngakhale ku London), ndipo atayaka, Taylor anamaliza 501 ndi mivi isanu ndi inayi yokha, imene ndiyo yochepetsetsa yotheka, kawiri konse m'masewero amodzi, akulimbana ndi Wade yemweyo. Komabe woyamba kuchita chozizwa chimenechi mu mpikisanowu anali Raymond van Barneveld wa ku Netherlands, mu 2006, atangochoka kumene ku bungwe lakale. Paja akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'bale wake wa dziko limodzi, Michael van Gerwen, anadzaposa Taylor yemwe, pakuti watenga chikhochi kasanu ndi kawiri pamene Taylor anachitenga kasanu ndi kamodzi.

Nkhani imene siitha pakati pa okonda masewerowa ndiyo ya kaitanidwe. Masiku ano osewera amakhala asanu ndi atatu, amene amakumana Lachinayi lililonse kuyambira February kufikira May, ndipo anayi a iwo amalowa chifukwa ndiwo ali pamwamba pa mndandanda wa ndalama zimene anapambana, pamene anayi enawo amasankhidwa ndi akuluakulu a bungwe, amene poyesa munthu sayang'ana dzanja lokha, koma amafunsanso ngati khamu limaimba dzina lake ndi ngati nkhope yake igulitsa matikiti. Chaka ndi chaka pamakhala munthu amene anakhetsa thukuta m'mipikisano yaing'ono yopanda makamera, napambana ena amene aitanidwa, koma iye natsala kunja kwa mpanda. Ndipo dandaulo lake ndi loona, pakuti paphwando la mwini, mwana wa mnansi salowa ndi njala yake yokha.

Ngakhale zili choncho, osankhawo akhala ndi diso labwino kuposa mmene owadzudzula amavomerezera. Glen Durrant, amene anadza mochedwa kuchokera ku bungwe lakale, anapambana m'chaka chake choyamba mu 2020, ndipo Jonny Clayton wa ku Wales anachitanso chimodzimodzi mu 2021. Mu January 2024, pamene Luke Littler, mnyamata wa zaka 16, anafika masewero otsiriza a dziko lonse nagonja kwa Luke Humphries, bungwe linamuitana ngakhale anali patali pa mndandanda, ndipo ambiri anang'ung'udza kuti mwana akumusenzetsa katundu wa akulu. M'mwezi wa May, ku O2 Arena, ali ndi zaka 17, anagonjetsa Humphries yemweyo, naponyanso mivi isanu ndi inayi ija, nalandira mapaundi 275,000.

Wofuna kudziwa katswiri weniweni wa chaka ayang'ane mpikisano wa dziko lonse wa ku Alexandra Palace, kumene munthu wosadziwika angathe kudzitsegulira khomo ndi dzanja lake. Premier League ndi chionetsero cha malonda, ndipo pa ntchito imene anaipangira, yodyetsa osewera ndi kudzaza mabwalo, yakwaniritsa.