Utsi wolowera kumbuyo: mbiri ya Ford Explorer ndi apolisi a ku Austin

Kumapeto kwa July 2017, mzinda wa Austin ku Texas, m'dziko la America, unaimika mamotoka a apolisi pafupifupi 400 nthawi imodzi. Injini zinali kulira bwino, mabuleki anali kugwira, matayala analibe vuto. Chimene chinaopsa akuluakulu a mzindawo ndi mpweya umene apolisi anali kupuma mkati. Kwa miyezi ingapo apolisi anali kuweruka nchito mutu ukuwawa, ena ndi chizungulire, ena ndi nseru, ndipo ena atapimidwa kuchipatala anapezeka ndi carbon monoxide m'magazi. Mamotoka onsewo anali a mtundu umodzi, Ford Explorer.

Carbon monoxide ife tiidziwa, ngakhale ambiri sitiitchula ndi dzina limeneli. Ndi mpweya uja umene upha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi yozizira. Malasha akayaka mopanda mphepo yokwanira autulutsa, ndipo injini ya petulo nayo iutulutsa mafuta akapanda kupsa onse. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'mapapo ukakamira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kuwirikiza 200, motero thupi liyamba kusowa mpweya munthu ali kupuma ndithu. Choyamba mutu uwawa, kenaka kufooka ndi tulo. Ife kuno tikamva tero tithamangira kuganiza malungo. Munthu amene ali pa chiwongolero, tulo timeneto tingamupeze ali pa liwiro.

Explorer inayamba kugulitsidwa mu 1990, ndipo ndi imodzi mwa mamotoka amene anazoloweretsa mabanja a ku America kukwera SUV. Dzina lake linadetsedwapo kale mu 2000, pamene kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni chifukwa anali kusupuka pa liwiro, mamotoka n'kumagubuduzika. Kumapeto kwa 2010 Ford inatulutsa Explorer ya maonekedwe atsopano, yopangidwa ku Chicago. Mu 2011 kampaniyo inaleka kupanga Crown Victoria, motoka yaitali ija ya apolisi imene tiiona m'mafilimu akale. Apolisi ambiri anasamukira ku Explorer yokonzedwera iwo, yotchedwa Police Interceptor Utility, ndipo m'zaka zochepa inadzaza misewu ya dziko lonselo.

Koma oyamba kudandaula sanali apolisi. Anali anthu wamba, ambiri a iwo makolo onyamula ana pa mipando ya kumbuyo. Madandaulo awo anali kufanana modabwitsa. Ukaponda mafuta mwamphamvu, mwina pokwera phiri kapena popitirira thiraki, aircon ili kuzungulutsa mpweya wa mkati, m'motoka mumveka fungo. Ena anati ndi la mazira owola, ena anati ndi la tsitsi lopsa. Ukachepetsa liwiro fungo lizimirira. Ndiye vuto lake linali pomwepa: mwini motoka akafika ku galaji, makanika ailiza itaima, anunkhiza, osamva kanthu.

Kuti timvetse chimene chinali kuchitika, tiyambe ndi fumbi. Aliyense amene anayendapo ndi Prado kapena Pajero mumsewu wa dothi adziwa kuti galasi la kumbuyo lifiira msanga kuposa la kutsogolo. Motoka yodulidwa ngati bokosi ikathamanga, kumbuyo kwake kutsala malo amene mphepo ichepa mphamvu, ndipo mpweya uzungulira pamenepo n'kubwerera ku chitseko cha buti. Fumbi libwerera motero, utsi wa mu ekizozi nawonso. Ngati labala ya chitseko yatha, kapena pali kabowo pansi pa bampa, utsiwo upeza njira. Tsopano aircon ikatseka mpweya wa kunja, palibe mphepo yochokera kutsogolo yoti ikankhe utsi kuti ubwerere. Mkati mwa motoka muyamba kukoka mpweya kudzera pa mpata uliwonse umene ulipo, ndipo mipata yambiri ili kumbuyo, pafupi ndi paipi.

Kuponda mafuta kulowapo motere. Kuyambira 1975 mamotoka a petulo ku America akhala ndi catalytic converter, kachitini ka mu ekizozi kokhala ndi platinum ndi zitsulo zina zodula, kamene kasandutsa carbon monoxide kukhala mpweya wosaopsa kwenikweni. Kagwira bwino nchito pamene petulo ndi mpweya zalingana. Ukaponda mpaka pansi, injini ilandira petulo wochuluka kuposa mpweya, kachitiniko kalephera kumaliza zonse, ndipo carbon monoxide wotuluka ku paipi achuluka. Fungo la mazira owola lichokera ku sulphur wa mu mafuta. Choncho chimene eni mamotoka anali kununkhiza sichinali carbon monoxide weniweniyo, koma chinali umboni wakuti utsi uli kulowa. Funso lakuti mpweya woopsawo unali wochuluka bwanji ndilo anakangana nalo zaka zonse zotsatira.

Ford inadziwa za fungoli msanga. Mu December 2012 inatumiza kalata ya malangizo kwa madila ake, ndipo mu July 2014 inatumizanso ina. M'makalatamo munali zochita: kumata mipata ya kumbuyo, kusintha timawindo totulutsira mpweya tobisika kumbuyo kwa bampa, ndi kusintha pulogalamu ya aircon. Kalata yotere isiyana kutali ndi recall. Pa recall kampani ilembera mwini motoka aliyense ndi kukonza kwaulere. Kalata ya malangizo ithera ku galaji, ndipo ithandiza yekhayo amene wabwera kudzadandaula. Amene sanadziwe anapitiriza kutsitsa mawindo. Ena amene anakonzetsa anabweranso kukamba kuti fungo likalipo.

Mu 2014 mayi wina wa ku Florida anasumira Ford m'malo mwa eni mamotoka anzake, ndipo mu 2016 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti. Mu July chaka chomwecho bungwe la boma loona za chitetezo cha mamotoka, NHTSA, linatsegula kafukufuku. Panthawiyo linali ndi madandaulo 154 chabe. Pofika July 2017 madandaulo anapitirira 2,700, ndipo kafukufuku anakula kufika pa mamotoka 1.33 miliyoni opangidwa kuyambira 2011 mpaka 2017.

Chimene chinasintha pakati apa ndi apolisi. Mu September 2015 wapolisi wina ku Newport Beach, California, anakomoka akuyendetsa n'kuomba mtengo, ndipo pambuyo pake anasumira Ford. Mu March 2017 wina ku Austin anadwala ali pa nchito usiku, ndipo mzindawo unayamba kuika tizipangizo tolira tikamva carbon monoxide m'mamotoka ake. Tinalira kambirimbiri mpaka akuluakulu anaimika mamotoka onse, apolisi n'kumakwera awiriawiri m'mamotoka ena amene anatsala. Patangopita masiku ochepa, kuchiyambi kwa August, wapolisi wa ku Auburn, Massachusetts, anakomoka n'kuomba motoka ya munthu kumbuyo. Nkhani imene makolo anali kukamba kwa zaka zisanu inafika pa TV m'milungu yochepa, pakuti tsopano odwala anali ovala yunifomu. Ife tiona kuti apa palibe chachilendo. Kulikonse dandaulo lilemera molingana ndi amene walinyamula.

Yankho la Ford linali lakuti vuto silinachokere ku fakitale. Motoka ya apolisi ikagulidwa ipita kwa anthu ena amene aiika magetsi ophethira, saileni, wailesi ndi zitsulo zotchinga akaidi. Kuti mawaya adutse, aboola chitseko cha buti ndi thupi la motoka, ndipo ambiri sanali kumata mabowo aja. Kampaniyo inaonetsa zithunzi za mabowo otere, n'kulonjeza kukonza mamotoka onse a apolisi ndi ndalama zake. Mfundoyi inali yoona, koma siinayankhe zonse. NHTSA inapezanso kuti manifold, chitsulo chimene chilandira utsi potuluka mu injini, inali kung'aluka pa mamotoka ena a apolisi. Ndipo mayi wa ku Florida uja analibe saileni.

Mu October 2017 Ford inalengeza kuti eni Explorer wamba, pafupifupi 1.4 miliyoni ku North America, angabweretse mamotoka awo kuti akonzedwe kwaulere: pulogalamu ya aircon isinthidwe kuti izilowetsa mpweya wa kunja munthu akaponda kwambiri, mavavu otulutsira madzi pa chitseko cha buti asinthidwe, ndipo kumbuyo konse kuonedwe ngati kuli komata. Kampaniyo inanenetsa kuti mamotoka alibe vuto, ichita zimenezi kuti makasitomala mitima ikhale pansi. Liwu lakuti recall inalipewa. Bungwe loimira ogula la Center for Auto Safety linapempha mobwerezabwereza kuti pakhale recall yeniyeni, koma silinamveke.

Kafukufuku wa NHTSA anatha mu January 2023, patapita zaka zoposa 6. Bungweli linawerenga madandaulo oposa 6,500, linapima mpweya m'mamotoka, ndipo linagamula kuti palibe chifukwa cha recall. Linati Explorer ikapimidwa moyenera, carbon monoxide wa mkati safika pa mlingo umene akatswiri a zaumoyo auona kukhala woopsa. Pamene linapeza mpweya wochuluka, kawirikawiri chifukwa chinali chimodzi mwa ziwiri: mabowo a anthu oika zipangizo, kapena motoka imene inaombedwapo kumbuyo n'kukonzedwa osamata bwino.

Ife chigamulochi tichilandira theka. Sitikayika kuti anapima, ndipo fungo loipa palokha si umboni wakuti munthu ali pafupi kufa. Koma anthu 6,500 sangapangane kunama fungo limodzi, pa liwiro limodzi, aircon ili pa batani limodzi. Kampani imene inalemba makalata kwa madila ake kuyambira 2012, n'kusintha mavavu ndi pulogalamu ya mamotoka oposa miliyoni, inali kukonza chinthu chimene chinalipo. Boma linayankha funso lopapatiza, lakuti kodi mpweyawo ufika poopsa. Funso la eni mamotoka linali lakuti n'chifukwa chiyani utsi ulowa m'motoka yatsopano imene ana awo akhala kumbuyo, ndipo limenelo linatsala lopanda mwini.

Explorer siioneka kawirikawiri m'misewu ya Lusaka kapena Chipata. Athu ndi ma X-Trail, ma Harrier, ma Fortuner ndi ma Prado, ambiri ogwirapo kale nchito ku Japan asanalowe pa Nakonde kapena pa Chirundu. Palibe amene akamba kuti mamotoka amenewa ali ndi vuto la Explorer. Koma zifukwa ziwiri zimene NHTSA inatchula zili ngati analemba ataona magalaji athu. Timaboola buti kuti tidutsitse waya wa sabuufa, wa kamera yobwerera m'mbuyo, wa magetsi a ngolo. Motoka ikaombedwa kumbuyo, panel beater aiwongola, aipaka penti yowala, ndipo tonse tiyang'ana penti. Labala ya chitseko ibwezedwa yomweyo yophwanyika, timapulagi ta pansi pa tayala la sipeya titayika, ndipo palibe afunsa.

Ndiye pali chinthu china chimene mamotoka a ku Austin analibe. Awo anali ndi catalytic converter yogwira nchito. Kuno kachitiniko kakatsekeka, kapena wina akamva kuti zitsulo za mkati mwake zili ndi msika, kachotsedwa n'kuwotchererapo paipi wamba. Motoka iyenda ndithu, mwina n'kumveka yopepuka, koma carbon monoxide amene akanatsukidwa atuluka yense, osati poponda mpaka pansi pokha koma ulendo wonse. Ndipo batani lozungulutsa mpweya wa mkati ndilo tilikonda kwambiri, chifukwa cha fumbi ndi utsi wa maminibasi pa Great East Road. 

Njira imene utsi ulowera ioneka ndi maso pambuyo pa ulendo wa mumsewu wa dothi. Ngati mawindo anali otseka koma mu buti mwalowa fumbi lofiira, m'mbali mwa labala kapena pansi pa kapeti, mpata ulipo, ndipo uli pafupi ndi paipi. Ku Austin anachita kufuna mipata yotere motoka imodzi ndi imodzi, kumata, ndi kupimanso, ndipo mamotoka anabwerera pamsewu pang'onopang'ono. Tizipangizo timene tinaulula nkhani yonseyi tigwira nchito mofanana ndi tija tabatire timene anthu a m'maiko ozizira apachika m'nyumba pafupi ndi chitofu.